Mmene mungadziwire nthawi yochoka pakhomo moto wolusa usanafike ku Australia

Kwa amene muli m'zigawo za Victoria, New South Wales kapena South Australia pa sukulu kapena pa ntchito, makamaka kunja kwa mizinda, dziwani kuti moto wa m'nkhalango za bulugamu si uja timauzimitsa ndi nthambi kumudzi anyamata akamasaka mbewa. Pa 7 February 2009, tsiku lotchedwa Black Saturday, anthu 173 anafa ndi moto wolusa ku Victoria, ndipo oposa theka anafera m'nyumba. Kuyambira pamenepo mkangano sunathe. Ena amati boma liziuza anthu onse kuti achoke tsiku loopsa likafika. Ena amati machenjezo akachuluka moto osabwera, anthu amatopa n'kusiya kumvera, komanso misewu yopapatiza imadzaza magalimoto. Bungwe lofufuza za ngoziyi, mu lipoti lake la 2010, silinathetse ufulu wotsala kuteteza nyumba, koma linati kupulumutsa moyo kukhale patsogolo. Choncho chosankha chimagwera inuyo, ndipo chiyenera kupangidwa dzulo lake, utsi usanaoneke.

Yambani ndi mlingo wa kuopsa kwa tsikulo. Kuyambira September 2022, dziko lonse limagwiritsa ntchito milingo inayi, kuyambira wotsika kufika woopsa kwambiri: Moderate, High, Extreme ndi Catastrophic. Imalembedwa pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, imalengezedwanso ndi Bureau of Meteorology, nthambi ya boma yoona zanyengo, masiku angapo tsikulo lisanafike. Mlingowu sukutanthauza kuti moto wayamba, ukungonena mmene ungavutire kuuzimitsa utayamba. Pa Catastrophic chokani madzulo a dzulo lake kapena m'mamawa, chifukwa nyumba sizinamangidwe kuti zipirire moto wa tsiku lotere. Pa Extreme, ngati muli ndi ana, okalamba, wodwala mphumu kapena galimoto imodzi yokha banja lonse, chokaninso.

Machenjezo ndi chinthu china, amabwera moto utayaka kale. Alipo atatu, kuyambira lochepa kufika loopsa kwambiri: Advice ndi wachikasu, Watch and Act ndi wa olenji, Emergency Warning ndi wofiira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amadikira wofiira kuti anyamuke. Koma chenjezo lofiira nthawi zina limanena kuti nthawi yochoka yatha, bisalani pomwe muli. Machenjezowa sabweranso motsatana nthawi zonse, loyamba kukufikani likhoza kukhala lofiira lomwelo. Uthenga wochenjeza wa pa foni wochokera ku nambala ya 0444 444 444 ndi weniweni, koma musaudalire wokha, poti moto umawononga magetsi ndi nsanja za mafoni. Ikani pa foni pulogalamu ya machenjezo ya VicEmergency (ku Victoria) kapena Hazards Near Me (ku New South Wales), ndipo mukhale ndi wailesi ya mabatire yotchera siteshoni ya ABC ya m'dera lanu.

Chifukwa chake kudikira kumapha ndi ichi. Makungwa a bulugamu oyaka amauluka ndi mphepo n'kukayatsa moto wina makilomita angapo kutsogolo, mwina pa msewu womwe mumati mudutsa. Moto umathamanga kawiri chitunda chikakwera ndi madigiri 10 alionse. Ndipo ku Victoria, mphepo yotentha ya kumpoto ikatembenuka madzulo n'kuwomba kuchokera kumwera chakumadzulo, mbali yaitali ya moto imasanduka mutu wake. Munthu amene masana ankauona ukudutsa chapatali amangozindikira walunjika kwa iye. Chimapha ambiri ndi kutentha kofika patali lawi lisanamukhudze munthu, ndipo galimoto siteteza mokwanira.

Lembani papepala kumene mupite, kaya kwa mnzanu mumzinda kapena ku sitolo zazikulu za m'tauni, ndi misewu iwiri yosiyana yokafikira. Nenani amene atenge ana ndi amene atenge ziweto. Thirani mafuta m'galimoto dzulo lake, iyang'ane kumsewu, chikwama chili kale mkati: mapasipoti, mankhwala, madzi akumwa, chaja ndi mabulangeti a ubweya wa nkhosa. Valani thonje kapena ubweya, malaya a manja aatali ndi nsapato zachikopa. Nayiloni amasungunukira pakhungu. Malo otchedwa Neighbourhood Safer Place musawaike ngati kopita. Nthawi zambiri ndi bwalo la masewero lopanda chakudya kapena woliyang'anira, lothawirako zonse zikakanika.

Kutsala kuti muteteze nyumba kumafuna madzi osachepera malita 10,000, pampu ya petulo kapena dizilo poti magetsi amathima, mapaipi ofika mbali zonse za nyumba, ndi akuluakulu awiri amphamvu. Wochita lendi kawirikawiri alibe zimenezi, ndiye ganizo lotsala alisiye.

Moto ukakupezani pa msewu, musatuluke n'kuthamanga. Imikani galimoto pamalo opanda udzu wautali ndi mitengo, kutsogolo kwake kuyang'ane komwe moto ukuchokera. Tsekani mawindo ndi molowera mpweya, yatsani magetsi kuti ena akuoneni mu utsi, zimitsani injini, imbani 000, nambala ya zangozi. Gonani pansi pa mawindo mutafunda bulangeti la ubweya, muzimwa madzi. Moto ukadutsa, tulukani mosamala poti zitsulo zimakhala zotentha, n'kupita pamalo amene apsa kale.