Makompyuta a quantum asanafike, lembani kaundula wa maloko a bizinesi yanu

Mukalowa mu akaunti ya kubanki pa foni, mukatumiza kontrakiti pa imelo, kapena wantchito wanu akalumikiza laputopu yake ku ofesi kudzera pa VPN (njira yotetezedwa yolumikizira makompyuta pa intaneti), makina awiriwo amayamba agwirizana kaye kiyi yachinsinsi. Maloko a masamu amene amagwira ntchito imeneyi masiku ano, makamaka RSA ndi elliptic curve, ndi olimba chifukwa kompyuta wamba singathe kuwamasula ngakhale itapatsidwa zaka zikwizikwi. Koma mu 1994 katswiri wa masamu Peter Shor anaonetsa kuti kompyuta ya quantum (mtundu watsopano wa kompyuta umene umawerengera mosiyana ndi makompyuta wamba) yamphamvu mokwanira ingathe kuwathyola.

Kompyuta yotereyo sinapangidwe. Chipangizo cha Willow chimene Google inaonetsa mu Disembala 2024 chili ndi ma qubit 105 okha (ma qubit ndi tizigawo timene kompyuta ya quantum imawerengera nato). Chodetsa nkhawa n'chakuti chiwerengero cha ma qubit chofunika pothyola RSA-2048, mtundu wa loko ya RSA wogwiritsidwa ntchito kwambiri, chikutsika. Mu 2019 akatswiri Craig Gidney ndi Martin Ekerå anawerengera ma qubit 20 miliyoni, koma pofika 2025 Gidney yemweyo anati osakwana miliyoni imodzi angamalize ntchitoyo pasanathe sabata.

Musamanene kuti tidzaziona zikadzafika. Wakuba akhoza kukopera lero uthenga wokhomedwa umene ukudutsa pa intaneti, n'kuusunga mpaka tsiku limene makina omasulira adzapezeke. Choncho funso loyamba n'lakuti: zinsinsi za bizinesi yanu ziyenera kukhalabe zobisika kwa zaka zingati? Mitengo ya katundu ya mwezi uno idzakhala yopanda ntchito chaka chamawa. Koma mbiri ya odwala pachipatala, manambala a ziphaso za makasitomala, mapangano a ngongole za nyumba, mabuku a mamembala a SACCO ndi makalata a maloya zimapwetekabe munthu zikaululika patatha zaka 15. Michele Mosca wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada anapereka kawerengedwe kosavuta: phatikizani zaka zimene chinsinsi chiyenera kusungika ndi zaka zimene mudzatenge posintha maloko. Zikaposa zaka zotsala kuti makinawo afike, ndiye kuti mwachedwa kale.

Ntchito yoyamba, imenenso imatenga nthawi yaitali, ndi kulemba kaundula. Sankhani munthu mmodzi woti aziyankhapo, osangoti "a IT adzaona". Alembe paliponse pamene bizinesi imagwiritsa ntchito encryption, kutanthauza maloko a masamu aja: webusaiti, imelo, VPN, makina olipirira ndi khadi, pulogalamu ya malipiro a antchito, ma backup, ma router, makamera, ndi siginecha za pakompyuta. Pa chilichonse alembe amene anakugulitsani, mtundu wa loko, tsiku lothera kontrakiti, komanso ngati chimalandira update kapena chiyenera kugulidwa chatsopano. Mfundo yomalizayi ndi imene imabisa mavuto. Pulogalamu ya pafoni imasinthika usiku umodzi, koma router imene inaikidwa kudenga zaka zapitazo, yomwe kampani yake inasiya kuitumizira update, idzakhalabe ndi loko yakale mpaka mutaichotsa ndi manja. Mabizinesi ambiri sadziwa n'komwe kuchuluka kwa zipangizo zoterezi zimene ali nazo.

Kaundula akatha, pitani kwa okugulitsani. Mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati salemba okha mapulogalamu, ndiye kusintha kwenikweni kudzachitika kubanki, ku kampani ya ndalama za pafoni, ndi kwa amene amakusungirani zinthu pa cloud. Mbali yanu ndi kufunsa, ndipo tsopano pali mayina oti mutchule. Mu Ogasiti 2024 bungwe la boma loona za miyezo la NIST la ku United States linatulutsa miyezo itatu ya maloko opirira quantum, pambuyo pa mpikisano umene unayamba mu 2016: ML-KEM yogwirizanirana makiyi, komanso ML-DSA ndi SLH-DSA za siginecha. Afunseni kuti adzayamba liti kugwiritsa ntchito zimenezi ndiponso ndani adzalipire, ndipo yankho lilowe mu kontrakiti yotsatira. Wogulitsa amene akungoti "zonse zili bwino" popanda kutchula chaka, muyambiretu kumufunira wolowa m'malo.

Ngati mukufuna kalendala yotsatira, bungwe la boma loona za chitetezo cha makompyuta la NCSC la ku Britain linalangiza mu 2025 kuti kaundula ndi dongosolo zikhale zitatha pofika 2028, zinthu zofunika kwambiri zisinthidwe pofika 2031, ndipo zonse zithe pofika 2035. Malangizowa ndi a ku Britain, inde, koma amene mumagulitsa tiyi, fodya kapena mtedza wa makadamiya kunja, kapenanso mumalumikiza makina anu ndi mabanki akunja, yembekezani kuti anzanu a kumeneko adzakufunsani mafunso omwewa.

Pogula zipangizo zatsopano, onetsetsani kuti loko yake ndi yosinthika. Chifukwa chake chinaoneka mu 2022, pamene SIKE, imodzi mwa njira zimene zinafika patali pa mpikisano wa NIST, inathyoledwa ndi akatswiri a ku KU Leuven ku Belgium pogwiritsa ntchito kompyuta wamba. N'chifukwa chake makampani ambiri akuphatikiza loko yakale ndi yatsopano pamodzi. Signal inatero mu 2023, iMessage ya Apple ndi Chrome mu 2024. Kungolola update pa foni ndi pa makompyuta a ofesi kumakupatsani mbali ina ya chitetezo chimenechi popanda kulipira.

Si loko iliyonse imene ili pangozi. AES-256, imene imakhoma mafayilo ndi ma backup, akatswiri amaiona kuti idzapirira, bola kiyi yake isungidwe bwino. Chenjeraninso ndi obwera ndi kabokosi kodula kolembedwa kuti n'kotetezeka ku quantum koma osatchula muyezo umene akutsatira. Ndipo mafayilo a makasitomala akale amene lamulo silikukukakamizani kusunga, fufutani. Kutero kumachepetsa ntchito yosintha, kumachepetsanso zimene wakuba angakopere lero.