Mukafuna kuona nyama ku Liwonde, pitani m'chilimwe

Anzanga a kuno ku Mangochi, ulendo wa ku Liwonde National Park musauchite mwachisawawa. Dikirani Ogasiti mpaka Okutobala. Udzu umakhala utauma, madambo ataphwa, ndiye njovu, njati ndi nswala zimakhamukira ku mtsinje wa Shire kukamwa madzi. Mukakwera boti m'mamawa, mumaona mvuu zikutulutsa mphuno pamadzi, ng'ona zitayasama pamchenga pafupi pomwepo. Koma Okutobala kumatentha koopsa, musaiwale madzi akumwa ndi chipewa, makamaka ngati mwatenga ana.

M'dzinja misewu ya m'katimo imachita matope, ngakhale okonda mbalame amakondwera nayo nyengoyi. Ngati mukufunanso kukafika ku Cape Maclear, dziwani kuti mwera wa Juni ndi Julayi umavundula nyanja. Nsomba za mbuna zimaoneka bwino Seputembala, madzi atadekha.