Kuyesa filimu ya sayansi yopeka kapena ya maulendo oopsa musanaionetse anthu

Filimu ikhoza kutchuka dziko lonse koma n'kugonetsa tulo anthu pa mabenchi a vidiyo sho ku Chibavi kapena ku Zolozolo. Ina yabwino ndithu imanyozedwa chifukwa cha kope loipa ndi masipika osachunidwa. Musanalembe dzina lake pa bolodi, kapena musanaitane achinyamata a kalabu ndi apabanja, ipatseni kanthawi muli nokha, rimoti ili m'manja. Amene mumalipiritsa pakhomo, za ziphaso za ku Censorship Board ndi COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, zikhale zitakonzeka kale.

Yambani ndi kope. Lowetsani fulashi pa TV yomweyo imene mudzaonetsere, chifukwa chimene chasewera pa foni chikhoza kukana pa TV. Filimu ya maola awiri ya 720p imakhala cha m'ma 1GB. Ikakhala ya 300MB ndiye kuti yafinyidwa kwambiri, ndipo malo a mdima, omwe amachuluka m'mafilimu a m'mlengalenga, adzasanduka timabokosi takuda. Dzina la fayilo likakhala ndi CAM, wina anachita kujambula ndi kamera m'holo, isiyeni. Likakhala ndi x265 kapena HEVC, ma TV akale ambiri amatulutsa mawu okha popanda chithunzi. Funani ya x264. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4GB.

Mawu ndiwo amavuta kwambiri. Mafilimu amenewa amakonzedwera masipika asanu ndi limodzi, chimene amalemba kuti 5.1, ndipo zolankhula za anthu zimadutsa m'sipika yapakati. Inu muli ndi awiri. Zikapanda kusakanizidwa bwino, kuphulika kwa mabomba kumagwedeza malata pamene olankhula akumveka ngati ali kuseri kwa khoma. Pitani pa Audio, sankhani Stereo kapena PCM, ndipo ngati pali Night Mode kapena DRC yatsani, chifukwa imatsitsa phokoso lalikulu n'kukweza mawu apansipansi. Chepetsaninso besi pa ampu. Kenaka kakhaleni pa benchi lakumbuyo kwenikweni mumve ngati zikufika. Kuno ku Mzuzu mvula imakhalitsa mpaka Epulo, nthawi zina kulowa Meyi, ndipo ikagunda pa malata opanda siling'i, filimu yodalira kukambirana imafa. Interstellar ya 2014 anthu anaidandaulira ngakhale m'maholo akuluakulu kuti nyimbo imakwirira olankhula. Imeneyo isungireni tsiku lopanda mvula.

Zipangizo zikakhala bwino, onerani mphindi 15 zoyamba ndipo dzifunseni: mwini nkhani ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani? Mukalephera kuyankha inu amene mwakhala tcheru, mwana wa Fomu 2 amene walowa mochedwa sadzayankha. The Martian ya 2015 imapambana apa. Munthu wasiyidwa yekha pa pulaneti ya Mars anzake akuganiza kuti wafa, chakudya n'chochepa, ndiye akuyamba kulima mbatatesi ndi manyowa a m'chimbudzi. Aliyense wogwirapo khasu amamva vutolo msanga, ndipo amawerengera naye masiku. Avatar ya 2009 nayo ili ndi nkhani yosavuta kutsata: kampani ikufuna mwala wamtengo wapatali umene uli pansi pa mudzi wa eni dziko. Kufooka kwake n'kwakuti mphamvu zake zambiri zili m'maonekedwe, amene James Cameron anawakonzera 3D ndi sikirini yaikulu. Pa TV ya mainchesi 32 chotsala ndi nkhani yodziwikiratu mathero, ya mlendo amene wangofika n'kuposa eni ake pa chilichonse mpaka kuwatsogolera kunkhondo, ndipo imatenga mphindi 162.

Pa za sayansi tisamale, chifukwa ambiri amaweruza molakwika. Filimu iliyonse ya mtunduwu imanama penapake. Mu Star Wars ya 1977 zombo zimabangula m'mlengalenga, pamene kopanda mpweya phokoso siliyenda. Namondwe amene akuyambitsa mavuto mu The Martian sangagwetse munthu, popeza mpweya wa pa Mars ndi wopyapyala, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a wa kuno. Velociraptor weniweni, nyama yakalekale ya mtundu wa dinosaur, anali wa msinkhu wa nkhukundembo ndipo anali ndi nthenga, osati chilombo chotalika ngati munthu cha mu Jurassic Park ya 1993. Mabodza otere sapha filimu. Kwa aphunzitsi a sayansi ndi chida chabwino: imitsani pamenepo mufunse ana chimene chalakwika.

Chimene chimapha filimu ndi kuswa malamulo amene yadziikira yokha. Kuti muone izi, dumphirani ku mphindi 20 zomaliza muone chimene chapulumutsa ekitala. Kodi chida kapena luso limenelo linaonetsedwa kale koyambirira, kapena langotulukira chifukwa olemba anasowa pothawira? Ngati anatiuza kuti mpweya wa m'botolo watsala wa mphindi zisanu, munthuyo asathe theka la ola akumenyana. Ngati chipolopolo chimodzi chapha msilikali aliyense, ekitala asalandire zisanu n'kudzuka kuthamanga. Owonera amakhululuka koyamba, kachiwiri amayamba kucheza, popeza adziwa kuti palibe choopa. Interstellar ili ndi chitsanzo cha lamulo losungidwa bwino. Amanena poyera kuti ola limodzi pa pulaneti ina ndi zaka 7 kwathu, chifukwa ili pafupi ndi black hole, malo a m'mlengalenga okhala ndi mphamvu yokoka yaikulu kwambiri. Oyenda m'mlengalenga akuchedwa kumeneko, ndipo pobwerera apeza zaka 23 zapita, ana akula. Lamulo lanenedwa, mtengo wake walipiridwa, ndipo n'chifukwa chake gawo limenelo limaliritsa anthu. Anathandiza opanga filimuyo pa sayansiyo ndi Kip Thorne, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2017. Komabe mathero ake, pamene chikondi cha bambo ndi mwana chikhala ngati ndicho chikumasula mfundo, ife timawaona ofooka poyerekeza ndi zimene zinatsogola.

Kenaka yesani ekishoni. Sankhani nkhondo kapena kuthamangitsana kumodzi, tsekani mawu kwa mphindi ziwiri, muone ngati mukudziwabe amene ali kutsogolo, amene ali kumbuyo ndi kumene akulowera. Mad Max: Fury Road ya 2015 imakhoza mayeso amenewa mosavuta. George Miller anajambula magalimoto enieni m'chipululu cha ku Namibia, ndipo chofunika kuona amachiika pakati pa chithunzi, choncho diso silisochera ngakhale zinthu zikuthamanga. Nkhondo yomaliza ya mu Black Panther ya 2018 imalephera: anthu awiri ovala zakuda zofanana, opangidwa pa kompyuta, akumenyana mumgodi wamdima. Pa TV yaing'ono simudziwa wamenya ndani. Filimuyo imayimabe chifukwa cha zina: mdani wake ali ndi dandaulo lomveka, zovala zake zinapatsa Ruth E. Carter mphoto ya Oscar, ndipo chilankhulo cha ku Wakanda, dziko lopeka la m'filimumo, ndi isiXhosa cha ku South Africa. Onaninso ngati filimu imadziwa kubisa chilombo chake. Mu Jurassic Park, yotalika mphindi 127, zilombozo zimaoneka pafupifupi mphindi 15 zokha, ndipo Steven Spielberg amayamba wationetsa madzi akunjenjemera m'kapu T. rex asanatulukire. Mafilimu amene amatulutsa chilombo chonse pa mphindi yachisanu amakhala alibenso choopsezera.

Mafilimu a maulendo ofuna chuma ali ndi nthenda yawoyawo, ndipo oonetsa kuno tiyenera kuiyang'ana. King Solomon's Mines ya 1985, yojambulidwa ku Zimbabwe, imaonetsa anthu akuda akuponya azungu mumphika waukulu kuti awaphike. District 9 ya 2009 ndi yanzeru, imagwiritsa ntchito zolengedwa za kudziko lina zotsekeredwa m'misasa ku Johannesburg pokamba za tsankho, koma anthu a ku Nigeria inawaonetsa ngati zigawenga zodya nyama ya zolengedwazo, mpaka boma la dzikolo linadandaula. Mukhoza kuionetsa akuluakulu n'kukambirana, koma musaiike ana ali okha.

Za msinkhu n'zachidule. PG-13, chenjezo kwa makolo loti zina sizoyenera ana osakwana zaka 13, inayamba ku America mu 1984 makolo atadandaula ndi zoopsa za mu Indiana Jones and the Temple of Doom. Jurassic Park ndi PG-13. Fury Road ndi District 9 ndi R, za akuluakulu.

Makope omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ amathandiza ambiri, makamaka pa nkhani zopindapinda. Koma pezani malo amene lamulo la filimu likufotokozedwa mumve chimene womasulira wanena. Akaika nthabwala pamwamba pa mfundo ya ola limodzi ndi zaka 7 ija, owonera adzangoona bambo akulira pa sikirini osadziwa chifukwa. Mverani malo atatu kapena anayi osiyana, popeza ena amalowetsa mawu otukwana amene munalibe m'filimumo.

Pomaliza werengani magetsi. TV ya LED ya mainchesi 32 imadya cha m'ma 50W, ndipo pamodzi ndi ampu yaing'ono mukhoza kufika 100W. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200Wh, koma la asidi musalitsitse kupitirira theka, choncho muli ndi 600Wh. Mukachotsa zotayika mu inveta, ndi maola asanu ngati batirelo ndi latsopano ndipo ladzaza. M'miyezi ya chifunga ya Juni ndi Julayi sola sadzaza msanga. Tsiku lotero Gravity ya mphindi 91 ndi yotetezeka kuposa Interstellar ya mphindi 169. Muziyang'ana nthawi pa sikirini apa ndi apo, chifukwa ma TV ambiri akazima mwadzidzidzi amayambiranso filimu pachiyambi, ndipo kufufuza pamene munalekezera anthu 40 akukuwa kumbuyo kumatha mphindi khumi.