Mmene Ndimasankhira Mbewu ya Chimanga

Mvula isanagwe ndimakhala pabwalo ndi nyemba 20 m'manja. Nanunso chitani chonchi: jambulani pansi mizere inayi, wa kucha msanga, kupirira ng'amba, kukonoleka bwino mumtondo, ndi kusafumbwa m'nkhokwe. Gawani nyembazo malinga ndi chimene chikukuwawani. Ine anankafumbwe anandimaliza chaka chatha, ndiye mzere wa nkhokwe ndinaupatsa 8.

Kenako mbewu iliyonse muipatse "bwino", "pakatikati" kapena "ayi" pamzere uliwonse. Zongomva kwa wogulitsa zitsitseni pang'ono, paja iye amayamikira chilichonse chili pashelefu. Zimene mwaona nokha m'munda mwa mnansi zisiyeni momwemo.

Yolephera pamzere wa nyemba zambiri itayeni, ngakhale iwale kwina. Ziwiri zikafanana, ine ndimabzala zonse, theka ili, theka ilo.