Kakonzedwe ka ulaliki wa kuuka kwa akufa pa maliro

Mu Blantyre muno uthenga wa maliro umafika pa WhatsApp usiku, ndipo kukacha mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi wa mpingo amangouzidwa kuti abusa ali kutali, ndiye agawe mawu ndi iyeyo. Nthawi yokonzekera imakhala maola ochepa. Ambiri zikatero amagwira vesi lililonse lonena za kumwamba n'kumazungulira pomwepo, chonsecho chimene mpingo uli nacho chouza anamfedwa ndi chimodzi: Yesu adaukadi m'manda ndi thupi, ndipo amene ali ake adzaukanso motero.

Musanatsegule Baibulo, imbirani mwinimbumba kapena amene akuyendetsa mwambo. Funsani dzina lonse la malemu ndi katchulidwe kake, zaka zawo, ngati adadwala nthawi yaitali kapena yangokhala ngozi, komanso amene asiyidwa. Funsaninso kumene mukalankhulire. Pa siwa usiku mungathe kutenga mphindi 20 kapena 25, nyimbo zikulowa pakati. Pa mwambo wa masana, pamene amfumu, akubanja, akuntchito ndi owerenga mbiri alankhula kale, musapyole mphindi 15. Ngati thupi latengedwa ku mochale m'mawa ndipo likupita ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Ntcheu tsiku lomwelo, chepetsani kufika mphindi 10, chifukwa adzukulu kumudzi akudikira ndipo maliro saikidwa mumdima. Kumanda kwenikweni, kaya ndi ku HHI kaya ku Misesa, mphindi 5 n'zokwana.

Mawu oti muimepo ndi 1 Akorinto 15. Mutuwu uli ndi mavesi 58, choncho musauwerenge wonse. Sankhani vesi 3 mpaka 8, vesi 20, ndi vesi 42 mpaka 44. Mulembe mavesiwa papepala limodzi ndi zilembo zazikulu, chifukwa foni imazima kapena kusaoneka padzuwa. Ngati wowerenga ndi wachinyamata ndipo mwamupatsa Buku Lopatulika la kalembedwe kakale, kamene kamalemba c pamene lero timalemba ch, ayambe wayeserera kaye kuseri, apo ayi adzapunthwa pamaso pa anthu. Buku Loyera limamveka msanga kwa omvera ambiri.

Gawo loyamba la ulaliki, la mphindi 4, linene chimene chidachitika. Paulo adalemba kalatayi cha m'ma 54 kapena 55, patangopita zaka pafupifupi 25 chipachikidwire Yesu, ndipo akunena kuti zimene akulembazo naye adachita kulandira kwa amene adamutsogolera. Akutchula mboni mwa ndondomeko: Kefa, amene ndi Petro, kenako khumi ndi awiri aja, abale oposa 500 nthawi imodzi, Yakobo, atumwi onse, pomaliza iye mwini. Za 500 aja akuwonjezera kuti ambiri adakali moyo, ngati kunena kuti wokayika apite akawafunse. Musadumphe mndandandawu poganiza kuti ndi wouma. Munthu woferedwa amamva mawu okoma ambiri pa tsikulo, ndipo amadziwa kuti ambiri ndi ongomupepesa. Mndandandawu ukumuuza kuti pali chinthu chimene chidachitika pamalo odziwika, anthu akuona. Paulo yemweyo pa vesi 14 ndi 17 akuvomera poyera kuti ngati Khristu sadauke, kulalikira n'kwachabe, chikhulupiriro n'chachabenso.

Onjezanipo kuti oyamba kupeza manda apululu anali amayi, Mariya wa ku Magadala ndi anzake, ndipo pa Luka 24:11 ophunzira aamuna adayesa nkhani yawo ngati zopanda pake. Masiku amenewo umboni wa mayi sunkalemekezedwa, moti wopeka nkhani sakadaika amayi patsogolo. Mfundoyi muinene mutatembenukira kwa amayi a Mvano kapena a bungwe la amayi amene achezera pambali pa bokosi usiku wonse. Amaimvetsa kuposa wina aliyense.

Gawo lachiwiri, la mphindi 6, ndilo mtima wa ulaliki, ndipo pano m'pamene muyenera kudekha. Vesi 20 la 1 Akorinto 15 likutcha Khristu chipatso choundukula cha iwo akugona. Ayuda pa nyengo ya Paska ankapereka kwa Mulungu mtolo woyamba wa zokolola, monga zilili pa Levitiko 23:10-11, dzinthu zina zonse zidakali m'munda. Aliyense amene ali ndi kamunda ku Machinjiri kapena m'mbali mwa phiri la Soche amadziwa tanthauzo la mondokwa woyamba: mukathyola chimodzi chokhwima, mwadziwa kuti munda wonse ukubwera. Kwathu kuno Pasaka, amene amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, amapezanso chimanga chikucha, ndiye fanizoli silifuna kulikoka. Kenako pitani ku vesi 42 mpaka 44, kumene kuika maliro kukufanizidwa ndi kufesa. Thupi lifesedwa lovunda n'kuuka losavunda, lifesedwa lofooka n'kuuka lamphamvu. Ngati malemu adadwala mpaka kuwonda, achibale amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza ku chipatala cha Queens akudziwa bwino kufooka kumene Paulo akunena. Tchulani zimenezo mwaulemu, osatchula dzina la matenda, ndipo nenani kuti thupi lomwelo ndi limene lalonjezedwa kusandulika.

Apa m'pamene alaliki ambiri amasochera. Amalalikira kuti mzimu wapita kumwamba, basi, ngati thupi ndi chovala chotha chongotaya. Koma Chikhulupiriro cha Atumwi chimene timanena m'tchalitchi chimatchula kuuka kwa thupi. Mukasiya thupi kunja kwa uthenga, bokosi limene anthu akuliyang'ana limatsala lopanda yankho.

Vuto lina ndi la kwathu kuno. Mukangoti wakufa adzauka, pali ena pansi pa tenti amene maganizo awo amathamangira ku mizukwa ndi ndondocha, makamaka ngati imfayo yadzidzimutsa ndipo manong'onong'o a ufiti ayamba kale. Tsekani mpata umenewo ndi Luka 24:37-43. Ophunzira nawo adayesa kuti akuona mzimu, ndipo Yesu adawaonetsa manja ndi mapazi, nawauza kuti amukhudze, kenako adadya chidutswa cha nsomba yootcha iwo akuona. Siyanitsaninso kuuka kwa Yesu ndi kwa Lazaro. Lazaro adabwerera ku moyo womwe uno ndipo imfa idamudikirabe, pamene Aroma 6:9 akuti Khristu sadzafanso. Kusiyanitsaku kumateteza banja kwa anthu amene amabwera ndi malonjezo oti apempherera mtembo udzuke. Ndipo inu mlaliki musalole mawu ngati akuti adani akondwera kutuluka pakamwa panu, chifukwa pa maliro mawu otero amasanduka chala choloza munthu.

Gawo lachitatu, la mphindi 3 kapena 4, ndi la otsala. Musawauze kuti asalire. Pa 1 Atesalonika 4:13 Paulo sakuletsa chisoni, akuletsa kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Yesu analira pa manda a Lazaro, ngakhale ankadziwa chimene ati achite, ndipo pa Machitidwe 8:2 anthu opembedza adamulira Stefano kwambiri. Ngati wamwalira ndi mwana, pewani zonena kuti Mulungu wathyola duwa lake kapena amafuna mngelo. Mawu amenewa m'Malemba mulibe, ndipo mayi amawasunga mumtima zaka zambiri ngati mlandu wa Mulungu. Vesi 26 la 1 Akorinto 15 likutcha imfa mdani, mdani wotsiriza amene adzathetsedwe, ndipo kunena choncho kumatonthoza koposa kuikometsera.

Za kumene malemu apita, musakhale woweruza. Ngati anali wokhazikika mu mpingo, nenani za chikhulupiriro chawo monga anthu adachionera. Ngati adasiya kalekale kupemphera, musawalowetse kumwamba ndi pakamwa panu, musawaponyenso kumoto kuti muopseze amoyo. Lalikirani za Khristu, chiweruzo mumusiyire mwini wake. Kumbukiraninso kuti maliro a ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni amasonkhanitsa aliyense: a CCAP, Akatolika, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekoste ndi Asilamu oyandikana nawo nyumba. Mipingo imasiyana pa za mkhalidwe wa akufa pakati pa imfa ndi tsiku lomaliza, ndipo pa maliro si pokambirana zimenezo. Asilamu amakhulupirira tsiku la kuuka kwa akufa koma savomereza kuti Yesu adapachikidwa. Nenani chikhulupiriro chanu momveka, popanda kunyoza cha amene abwera kudzakhuza.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimagwetsa ulaliki wabwino. Yesani chokuzira mawu mwambo usanayambe, ndipo magetsi akathima imani pakati pa amayi ndi abambo, osati kutsogolo kwa mbali imodzi. M'nyengo ya mvula dziwiranitu gawo limene mungadule mitambo ikada, ndipo likhale loyamba lija, mulifupikitse kukhala mayina a mboni okha. Gwirizanani ndi wotsogolera kwaya kuti nyimbo yotsatira ikhale ya kuuka, ndipo muwauze mawu anu omaliza kuti alowe mosachedwa. Kumanda musayambirenso ulaliki. Bokosi likatsitsidwa werengani vesi 42 mpaka 44 kachiwiri, pempherani mwachidule, kenako perekani mpata kwa adzukulu akwirire ndipo oyala nkhata aitanidwe.