Momwe mungasankhire mawu oyenera a Chingerezi ponena za malo, udindo ndi mpando

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga anandibweretsera kalata yofunsira ntchito kuti ndimuonereko asanakapereke. Kalatayo inali yosamalika bwino, koma pa mzere wachiwiri analemba kuti akufunsira "the place of accounts assistant", ndipo m'munsi mwake, pofotokoza za sitolo yomwe anagwirako ntchito chaka chatha, analemba kuti "my rank was cashier". Mnyamatayu Chingerezi amachidziwa. Chimene chinamusocheretsa n'chakuti m'Chichewa liwu loti malo limanyamula katundu wambiri: timati malo omanga nyumba, malo a ntchito, komanso m'malo mwa uje. Nalonso liwu loti udindo limatanthauza ntchito imene munthu wapatsidwa, mpando umene wakhalapo, ndiponso msinkhu wake pakati pa anzake. Chingerezi chinagawa katundu ameneyu kwa mawu oposa khumi, ndipo ngakhale mabuku amawatchula kuti ndi ofanana tanthauzo, lililonse lili ndi pake pomwe limakhala. Nazi njira zomwe ndinamuonetsa tsiku limenelo.

Choyamba: dziwani funso lomwe liwu lanu likuyankha

Musanatsegule mtanthauziramawu, dzifunseni kuti chiganizo chanu chikuyankha funso liti mwa atatu awa: chinthucho chili kuti, munthuyo amachita chiyani, kapena munthuyo ali pamwamba pa yani ndipo ali pansi pa yani. Funso loyamba ndi la malo, lachiwiri ndi la ntchito, lachitatu ndi la msinkhu. Zolakwika zambiri zimene ndimaona m'makalata zimabwera chifukwa wolemba watenga liwu la funso lina n'kukayankhira funso lina.

Chachiwiri: ngati mukunena za malo enieni

Liwu loti "place" ndi lotambalala kuposa onse, ndipo simungalakwe nalo pa fomu yofunsa komwe munabadwira, pomwe pamalembedwa "place of birth". "Location" limaloza pamene chinthu chili ndendende, ngati mmene mungachilozere pa mapu, ndipo linachokera ku liwu la Chilatini loti "locus". Apa pafunika kusamala pang'ono, chifukwa kwathu kuno komanso ku South Africa liwuli linatenganso tanthauzo lina m'nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake timanena za malokeshoni monga Ndirande kapena Kawale. Munthu wa ku London mukamuuza kuti mumakhala ku "location" adzakufunsani kuti "location" yake iti. "Site" ndi malo pomwe pakumangidwa kapena pomwe panali chinthu, "venue" ndi malo ochitira msonkhano, ukwati kapena mpira, pomwe "premises" ndi nyumba pamodzi ndi bwalo lake, makamaka za bizinesi. "Spot" ndi kamalo kakang'ono, ndipo limamveka bwino pocheza kusiyana ndi m'kalata ya ku ofesi.

Chachitatu: ngati mukunena za ntchito

Apa ndi pamene ambiri amagwa, choncho ndichedwapo. Pofunsira ntchito, mawu awiri otetezeka ndi "position" ndi "post". Onsewa muzu wawo ndi mneni wa Chilatini "ponere", kutanthauza kuika, ndiye ganizo lake ndi la pamene munthu waikidwa m'bungwe. "Post" limakondedwa m'boma, m'sukulu ndi m'mabungwe akuluakulu, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi akatumizidwa kusukulu yatsopano timati walandira "posting". "Position" limalowa paliponse, kuphatikizapo m'kalasi, pomwe mwana wokhala nambala 3 pamayeso amalembedwa "position 3" pa lipoti, komanso pabwalo la mpira. "Place" silitchula ntchito, koma limagwira bwino ponena za mwayi wa sukulu, monga wophunzira amene wapeza malo ku yunivesite. Malo a ntchito opanda munthu, omwe amalengezedwa m'nyuzipepala, ndiye "vacancy".

"Role" ndi losiyana ndi onsewa, ndipo mbiri yake imathandiza kulikumbukira. Linachokera ku Chifalansa, komwe poyamba linkatanthauza mpukutu wa pepala pomwe pankalembedwa mawu oti wochita sewero alankhule. Choncho "role" ndi mbali imene munthu amachita, kaya analembedwa ntchito kaya ayi. Ankhoswe alibe "post" iliyonse, salandira malipiro ndipo alibe ofesi, koma "role" yawo m'banja ndi yaikulu. Mphunzitsi mmodzi akhoza kukhala ndi "post" imodzi, koma "roles" zingapo: kuyang'anira masewera, kusunga mabuku a sukulu ndi kulangiza atsikana. Masiku ano makampani ambiri amalemba "role" m'zolengeza za ntchito ngati liwu lina la "position", ndipo mukaona kuti iwo alemba choncho, palibe cholakwika kuwatsatira.

Mawu ena atatu ndi oyenera kuwadziwa. "Office" silitanthauza chipinda chokha, limatanthauzanso udindo wosankhidwa kapena wolumbiritsidwa, monga wa mtsogoleri wa dziko, meya kapena mlembi wa komiti ya mpingo. "Seat" ndi mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena wa khansala, ndipo apa Chichewa ndi Chingerezi zikugwirizana ndendende. "Capacity" limagwiritsidwa ntchito pamene munthu wa maudindo angapo akufuna kunena kuti akulankhula ngati ndani, monga mu "in my capacity as treasurer". Ndipo ngati mukungogwirizira mpando wa wina, musaiwale kuika "acting" patsogolo pa dzina la udindowo, chifukwa kulisiya kumaoneka ngati kudzikweza.

Chachinayi: ngati mukunena za msinkhu

"Rank" linachokera ku liwu la Chifalansa chakale lotanthauza mzere, ndipo tanthauzo limenelo likuonekabe mu "taxi rank", pomwe galimoto zimandanda kudikira anthu. Ponena za anthu, "rank" limafuna makwerero odziwika bwino, monga a apolisi ndi asilikali: "constable", "sergeant", "inspector", "superintendent", mpaka kukafika kwa "Inspector General". Njira yosavuta yosiyanitsira "rank" ndi "post" ndi kuganizira wapolisi amene wasamutsidwa. Kukhala "officer-in-charge" wa siteshoni ndi "post", ndipo akachoka amausiya pomwepo kuti wina alowepo. Koma zizindikiro za paphewa pake amapita nazo kulikonse, chifukwa zimenezo ndiye "rank". Mafumu athu nawonso ali ndi makwerero otere, kuyambira kwa nyakwawa, gulupu, "Sub-Traditional Authority", "Traditional Authority", "Senior Chief", mpaka kwa "Paramount Chief", ndiye mfumu ikakwezedwa n'zomveka kunena za "rank". Wogulitsa m'sitolo alibe makwerero oterowo, n'chifukwa chake chiganizo cha mwana wa mchemwali wanga chija chinamveka ngati cha msilikali.

M'boma, msinkhu wa munthu umatchedwa "grade", liwu lochokera ku "gradus", kutanthauza sitepe, ndipo magiredi a ogwira ntchito m'boma kuno kwathu amalembedwa ndi zilembo, zoyandikira kwa A ndizo zapamwamba. "Title" ndi dzina la udindo kapena laulemu, monga "Dr", "Reverend" kapena "Honourable". Pa fomu mukaona "job title" kapena "designation" akufuna dzina lenileni la ntchito yanu monga linalembedwera pa kalata yokulembani ntchito.

"Status" limanena za mmene munthu alili pamaso pa lamulo kapena pa anthu. Ambiri timalidziwira pa WhatsApp kapena kuchipatala, komwe timalimbikitsidwa kudziwa mmene m'magazi mwathu mulili, koma pa fomu "marital status" ikufunsa ngati muli pabanja, ndipo kwa abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Britain "immigration status" ikufunsa ngati muli ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Loyandikana nalo ndi "standing", lomwe limanena za ulemu umene anthu amakupatsani. Munthu akhoza kupuma pa ntchito n'kusiya "post" yake, koma "standing" yake m'mudzi n'kukhalabe yaikulu.

Chachisanu: yesani liwu lililonse lomwe buku lakupatsani

Buku la mawu ofanana tanthauzo, lotchedwa "thesaurus", kapena tsamba la pa intaneti la mtundu umenewu, lidzakupatsani mndandanda wautali mukalemba "position": mudzapezamo "place", "post", "rank", "status", "stance" ndi ena ambiri. Mndandandawo ukungokuuzani kuti mawuwa ndi pachibale, sukukuuzani kuti mungasinthanitse lina ndi linzake paliponse. "Stance", mwachitsanzo, ndi maganizo a munthu pa nkhani inayake, ndipo limafanana ndi "position" pokhapokha mukunena za mbali imene munthu, boma kapena chipani chaima. Mukasankha liwu, kalifufuzeni mu mtanthauziramawu wa ophunzira Chingerezi, ndipo musalekere pa tanthauzo lokha: werengani ziganizo zachitsanzo zomwe zili m'munsi mwake, chifukwa ndi mmene mumaonekera anthu ndi zochitika zomwe liwulo limayenda nazo. Kenaka liikeni m'chiganizo chanu n'kuchiwerenga mokweza. Ngati palibe chitsanzo chimodzi chofanana ndi zomwe mukufuna kunena, lisiyeni, ngakhale likumveka lapamwamba. Ndimanena izi motsindika chifukwa ndaona achinyamata akhama akusankha liwu lalitali pofuna kuoneka ophunzira, wolemba ntchito n'kuika kalata yawo pambali atangowerenga mzere woyamba.

Chachisanu ndi chimodzi: lowezani liwu pamodzi ndi anzake

Timawu ting'onoting'ono toyenda ndi mayinawa sitisinthidwa mwachisawawa, choncho lembani m'kope mwanu kachigawo konse m'malo mwa liwu limodzi. Timati "apply for the post of", "promoted to the rank of", "play a role in", ndi "hold office". Onaninso kuti "take place" limatanthauza kuchitika, pomwe "take the place of" limatanthauza kulowa m'malo mwa wina, ndipo kusiya "the" yekhayo kumasinthiratu nkhani yonse. Zolengeza za ntchito za m'nyuzipepala ndi sukulu yabwino pa zimenezi: dulani zisanu, ndipo lembani mzere pansi pa liwu lililonse la malo, ntchito kapena msinkhu pamodzi ndi timawu toyandikana nalo.

Mnyamata uja titayenda naye m'njira zimenezi, anatenga cholembera n'kukonza yekha. Mzere wachiwiri unakhala "the position of accounts assistant", potsatira liwu lomwe kampaniyo inalemba m'chilengezo chake, ndipo m'munsi muja anachotseratu "rank" n'kulemba kuti "I worked as a cashier", kenaka anaonjezera chiganizo chofotokoza kuti "role" yake inkaphatikizapo kuwerengera ndalama za tsiku ndi kukazisungitsa kubanki. Kalatayo anakaipereka Lolemba m'mawa.