Momwe mungaphunzirire kayendetsedwe ka masewera, kuyambira pa MSCE mpaka digiri ya masters

Choyamba musasokoneze ukochi ndi utsogoleri wa masewera. Malayisensi a CAF, aja a C, B ndi A omwe amachitika kudzera ku FAM, ndi a munthu wofuna kukhala pabenchi. Woyendetsa masewera ntchito yake ndi ya muofesi: bajeti ya kalabu, makontrakiti a osewera, ndalama za pageti, kukambirana ndi makampani othandiza, ndi mapepala a club licensing omwe timu iliyonse ya mu Super League imayenera kukhala nawo isanalowe m'bwalo. Ngati mtima wanu uli kumeneko, njira yake nayi.

1. Digiri yoyamba

Pamafunika MSCE ya makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku mayunivesite a boma mumalembera kudzera ku NCHE. Masamu musawapeputse, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kuwerengera ndalama. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya Sports Science, koma dziwani kuti imeneyo imakhudza kwambiri thupi la wosewera ndi kakonzekeredwe kake. Mzuni yakhala ikuphunzitsa dipuloma ya Sports Management. Njira ina, yomwe ine ndimaiona yanzeru, ndi kutenga Business Administration kapena Accountancy ku MUBAS, za masewera n'kudzawonjezera pamwamba. Mpira ukakukanani muli ndi pothawira. Za ngongole ya fizi lemberani ku HESLGB mukangosankhidwa.

2. Gwirani ntchito, koma ikhale ndi kalata

Pezani kalabu, kaya ya mpira wa miyendo, wa ntchemberembaye kapena basketball, muzithandiza ngakhale osalandira kanthu. Chofunika ndi kalata yokhala ndi chidindo, yosainidwa ndi mlembi wamkulu, yonena udindo wanu, tsiku loyambira ndi maola omwe mumagwira pa sabata. Makomiti a makalabu amasintha ngati nyengo. Mukadikira zaka zitatu mudzapeza onse okudziwani anachoka, ndipo atsopanowo akukufunsani kuti ndinu ndani.

3. Mapepala: apa ndi pomwe ambiri amagwera

Tengani satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, pasipoti ndi digiri, muziyale patebulo. Werengani dzina chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno munthu mmodzi amatha kukhala ndi mayina atatu: kusukulu analembetsa dzina la agogo, pa chiphaso pali la bambo, pa pasipoti dzina lapakati linasowa, penanso "l" anasanduka "r". Ife timadziwa kuti ndi munthu yemweyo, koma wa ku ofesi ya ku Leicester kapena Pretoria sadziwa, ndipo fomu yanu amangoiika pambali osakuuzani chifukwa. Mankhwala ake ndi kalata yolumbira, ya affidavit, yopangidwa pamaso pa loya kapena majisitireti, yonena kuti mayina onsewo ndi anu. Tsiku lobadwa likasiyana ndiye nkhani yaikulu, chifukwa zimafuna kukakonzetsa komwe pepalalo linachokera, ndipo sizitheka pa sabata imodzi.

Chachiwiri ndi transcript. Digiri yokha sikwanira, amafuna ndandanda wa magiredi a chaka chilichonse. Ofesi ya registrar situlutsa transcript ngati muli ndi ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale lomwe simunabweze, choncho yambani mwatseka mabowo amenewo. Pemphani makope angapo nthawi imodzi, ndipo funsani yemwe amayankha makalata otsimikizira mapepala. Mayunivesite akunja amalembera sukulu yanu mwachindunji, ndipo imelo yawo ikagona mwezi wathunthu osayankhidwa, malo anu apita.

Ngati mukufuna ku South Africa, mapepala anu ayenera kuyamba aunikidwa ndi SAQA, yomwe imanena mlingo wa digiri yanu pa muyeso wa kumeneko. Zimatenga masabata ambiri, ndiye musadikire kalata yokuitanani kuti muyambe. Apa ndi pomwenso madipuloma a m'makona amaonekera poyera. Pali timakoleji tomwe timalengeza pa Facebook ndi WhatsApp kuti "diploma ya sports management, miyezi itatu, ya international", fizi yotsika mokopa, ofesi yake chipinda chimodzi pamwamba pa shopu. Musanapereke tambala, onani ngati sukuluyo ndi pulogalamu yeniyeniyo zili pa mndandanda wa zovomerezeka wa NCHE. Ndanena ziwiri dala: sukulu imatha kukhala yolembetsedwa pomwe kosi yomwe mukufunayo sinavomerezedwe. Pepala lotero lingakongoletse khoma, koma SAQA sililandira, ndipo simungalowere nalo masters. Nawonso madobadoba olonjeza sikolashipu mukawapatsa kangachepe, asiyeni. Mwachitsanzo Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, salipiritsa polembera.

4. Makosi aafupi

Malawi Olympic Committee imachititsa makosi a utsogoleri wa masewera ndi thandizo la Olympic Solidarity, thumba la komiti ya Olympic ya dziko lonse, ndipo anthu amalowa kudzera ku mabungwe a masewera awo, ndiye khalani pafupi ndi bungwe lanu. Ku Nelson Mandela University, ku Gqeberha ku South Africa, kuli pulogalamu ya FIFA ndi CIES (bungwe la maphunziro a zamasewera la ku Switzerland) yomwe munthu amaphunzira akugwirabe ntchito. Fizi ndi ulendo zonse ndi za ma rand, muwerengere bwino.

5. Masters

FIFA Master, yomwe inayamba mu 2000, imatenga pafupifupi miyezi 10 m'mayiko atatu: De Montfort University ku Leicester ku England, SDA Bocconi ku Milan ku Italy, kenako za malamulo ku Neuchâtel ku Switzerland. Amatenga anthu pafupifupi 30 pa chaka dziko lonse lapansi, ndipo popanda sikolashipu thumba la Mmalawi wamba silingakwanitse. Chevening imalipira zonse ku Britain, kuphatikizapo ku yunivesite ya Loughborough, koma imafuna maola 2,800 a ntchito. Ntchito yongodzipereka amaiwerengera, ndiye kalata ija ya gawo lachiwiri yapeza ntchito apa. Mumasankha makosi atatu ndipo mumalonjeza kubwerera kumudzi kwa zaka ziwiri mukamaliza. Ku Seoul National University kuli Dream Together Master, yolipiridwa ndi boma la South Korea. MEMOS, masters ya kayendetsedwe ka mabungwe a masewera, ndi ya omwe ali kale m'maudindo, ndipo sikolashipu yake imadutsira ku komiti ya Olympic.

Sukulu ikafuna IELTS, mayeso oyesa Chingerezi chanu, zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha ndipo mayesowo ndi odula, choncho lembani mutadziwa kale chaka chomwe mukulembera malo. Viza ndi tikiti ndi zodziwikiratu.